Mwezi ukafiira, nthawi yosaka fokasi yatha

Mwa makalata amene ndalandira chichitikire kadamsana wa mwezi pa 7 September, pali ina imene yandigwira mtima, ndipo ndiyo ndiyankhe sabata ino. Yachokera kwa mtsikana wina wa ku Balaka amene wangoyamba kumene ntchito yojambula. Akuti adasunga ndalama chaka chathunthu n'kugula kamera yogwirapo kale ntchito, pamodzi ndi lenzi yaitali yofika mamilimita 300. Mawu ake ndi awa:

"Bambo, tsiku la kadamsana ndinakhala panja kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 9. Mwezi ukadali woyera zithunzi zimatuluka bwino. Utangofiira, lenzi inayamba kulira, kumatuluka n'kumabwerera, osagwira kanthu. Ndinaipotokola ndekha mpaka pamapeto monga anandiuzira mnzanga, koma zithunzi zonse zikuoneka ngati tomato wopondedwa. Kodi anandigulitsa lenzi yakufa? Ndikaibweze?"

Chemwali, musaibweze. Lenzi yanuyo ilibe mlandu. Matenda amene adakugwiraniwo adandigwirapo inenso, kusiyana kwake n'kwakuti ine adandigwirira pagulu.

Lachisanu pa 27 July 2018 kudachitika kadamsana wa mwezi wautali kuposa wina aliyense m'zaka 100 zino. Mwezi udakhala wofiira kwa ola limodzi ndi mphindi 43, kuyambira 9:30 mpaka 11:13 usiku. Ine ndidapita kumudzi ku Dedza, kumene mdima wake sunasokonezedwe ndi magetsi. Kumeneko kuli malume anga, mphunzitsi wopuma, amene maso awo nthawi imeneyo adali atayamba kuchita ng'ala. Adandiitanira pakhonde n'kunena kuti: "Mphwanga, ine ndajambula kadamsana ndi choko pabolodi zaka zambirimbiri, koma lero ndikakweza maso ndizingoona chimtambo. Undijambulire, ukatsukitse chachikulu, ndidzachione pafupi."

Ndidavomera modzithemba. Munthu wojambula maukwati ndi zinkhoswe zaka zoposa khumi, mwezi ungandivute pati, woti suphethira, sutembenuka, sufunsa ngati wigi yakhala bwino? Kamera ndidaisiya m'nyumba, ife tili pamoto kuotcha mbatata. Mthunzi utayamba kudya mwezi cha m'ma 8:24 ana adandikumbutsa, ine n'kuwayankha kuti mwezi woyera ndimauona mwezi ndi mwezi, ndikufuna wofiira. Utafiiradi ndidatulutsa kamera, n'kuika pa tripod, n'kudina batani. Lenzi idayamba nyimbo yomwe ija mwaimva inu chemwali. Ndidaichotsa pa autofocus, n'kupotokola mkombero wa fokasi mpaka udagunda pamapeto. Pa kasikirini ka kumbuyo kwa kamera mwezi unkaoneka psuu, wokongola, ana akuwomba m'manja.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditakatsukitsa chithunzi chachikulu, mwezi udatuluka mbuu, wopanda m'mphepete, ngati chitumbuwa chogwera m'tiyi. Manyazi adandigwira koma lonjezo ndi lonjezo, ndidakawapatsa. Malume adachiyandikitsa kumaso, kuchitalikitsa, kupukuta magalasi, kenaka n'kufunsa mofatsa: "Mphwanga, ng'alayi ndi yanga kapena ya kamera yako?"

Funso limenelo lidandiphunzitsa zimene ndikufuna kugawana nanu lero. Mfundo yake ndi imodzi: fokasi ya kadamsana imakonzedwa mwezi ukadali woyera, n'kumangidwa, n'kumayenderedwa. Amene amayamba kuisaka mwezi utafiira wachedwa.

Tiyambe ndi chifukwa chimene lenzi imalirira. Autofocus ilibe nzeru zodziwa kuti mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400. Imangofuna zinthu ziwiri, kuwala kokwanira ndi malire ooneka bwino pakati pa choyera ndi chakuda. Mwezi wathunthu uli nazo zonse, pakuti ndi thanthwe lowombedwa ndi dzuwa. Ukhoza kuujambula pa ISO 100, f/8, ndi shutter ya 1/250, ngati masana. Koma ukalowa wonse mu mthunzi wa dziko lapansi, dzuwa siliufikanso mwachindunji. Kuwala kokha kumene kumaufika ndi kuja kwapindidwa ndi mpweya wozungulira dziko lathu, ndipo mpweyawo umamwaza kuwala kobiriwira ngati thambo n'kulola kofiira kudutsa, monga zimakhalira dzuwa likamalowa. Kuwalako n'kochepa kwambiri. Mwezi umatha kuzilala kuwirikiza ka 10,000 kapena kupitirira apo. Diso la munthu limazolowera mdima, choncho sitizindikira kuti wazilala chonchi. Kamera imazindikira, n'chifukwa chake imangofufuza osapeza pogwira.

Ndiponso palibe amene amadziwiratu bwinobwino kuti uzilala motani. Katswiri wa zakuthambo wa ku France, André Danjon, adakonza muyeso woyambira pa 0 mpaka 4 wofotokozera maonekedwe a mwezi pa kadamsana, 0 kutanthauza wakuda woti n'kusowa, 4 wowala ngati lalanje. Phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu 1991 n'kumwaza fumbi kumwamba, kadamsana wa mu December 1992 adali wakuda mwakuti anthu ankavutika kuupeza mweziwo ndi maso. Usiku ngati umenewo autofocus singakuthandizeni ngakhale kamera ikhale yodula bwanji.

Tsopano za malangizo a mnzanu aja, akuti potokolani mpaka pamapeto. Malangizowa ndi akale, ndipo pa malenzi ambiri akale opanda autofocus ankagwira ndithu, chifukwa mkombero unkaima pomwe pali fokasi ya zinthu zakutali kwambiri. Malenzi ambiri a masiku ano adapangidwa dala kuti azipitirira pamenepo. Opanga adasiya kampata kuti galasi ndi chitsulo zikafufuma ndi kutentha kapena kunyala ndi kuzizira, lenzi izithabe kufika patali, komanso kuti kainjini ka autofocus kasamagunde khoma. Ndiye ukapotokola mpaka pamapeto, wadutsa mwezi, wadutsa nyenyezi, waika fokasi pamalo poti palibe chinthu. Ngakhale chizindikiro chija chooneka ngati 8 wogona chammbali, chimene chimalembedwa pa malenzi ena, chimangokulozerani dera. Chili ngati chikwangwani chonena kuti mwafika ku Ntcheu, pamene inu mukufuna khomo la nyumba.

Wina anena kuti, kodi kaphonyedwe kakang'ono choncho kali ndi kanthu? Pa lenzi yaifupi kalibe. Pa yaitali ndi nkhani yonse. Taonani masamu awa. Lenzi ya mamilimita 24 pa f/8, mukaika fokasi pa chinthu chimene chili pa mamita awiri ndi theka, chilichonse chakumbuyo kwake mpaka mapiri ndi nyenyezi chituluka bwino. Ndi chifukwa chake chithunzi cha gulu paukwati sichivuta. Pa lenzi ya mamilimita 300, pa f/8 yomweyo, chinthucho chiyenera kukhala pa mamita 375 kapena kupitirira kuti zakutali zituluke bwino. Pa mamilimita 600 mtundawo ndi kilomita imodzi ndi theka. Ndipo masamuwa adawerengedwa poganizira zithunzi zing'onozing'ono. Ngati mukufuna kuchikulitsa, mitundayo iwirikizeni kawiri kapena katatu. Choncho amene amaika fokasi pa mtengo wa mango wa kutsidya kwa msewu n'kuloza kumwamba, poganiza kuti kutali ndi kutali basi, wadzinamiza.

Chowonjezera china n'chakuti mwezi ndi waung'ono kuposa mmene mtima umationetsera. Kukula kwake pa sensa ya kamera mumakupeza pogawa kutalika kwa lenzi ndi 109. Pa mamilimita 300 mwezi ndi mamilimita 2.7 okha, ngati njere ya mapira. Pa mamilimita 600 ndi mamilimita 5.5. Kuti udzaze pepala, muyenera kudula mbali zonse za chithunzi n'kukulitsa kanjereko. Kulakwitsa kulikonse kumakula nawo limodzi. M'kati mwa kamera, kusiyana kwa fokasi yabwino ndi yoipa kumatha kuchepa ngati makulidwe a tsitsi limodzi, ndipo pa mkombero ndi kusuntha koti chala sichikumva n'komwe.

Nanga tichite bwanji? Nazi zimene ndimachita ine tsopano.

Kamera ndi lenzi ndimazitulutsa panja kukadali theka la ola kapena ola lathunthu, kuti zizizire mofanana ndi mpweya wa panja. Ndimachotsa kagalasi kotchingira fumbi kamene ambiri timamanga kutsogolo kwa lenzi, chifukwa kotchipa kamafewetsa chithunzi ndipo kamabweretsa mwezi wachiwiri wachizimezime. Tripod ndimaiimika pa nthaka yolimba, osatambasula miyendo yonse, pakati pake n'kupachikapo chikwama cholemera. Ngati lenzi ili ndi kaswitchi koletsa kugwedera, kolembedwa IS, VR kapena OS, ndimakazimitsa, pakuti pa malenzi ena, makamaka akale, kamayamba kulimbana ndi kugwedera komwe kulibe n'kumasuntha chithunzi.

Kenaka zoom. Iikeni pamene mukufuna kujambulira musanakhudze fokasi, chifukwa malenzi ambiri a zoom amataya fokasi mukasintha kutalika. Mukaiika, imangeni ndi tepi. Usiku wa 2018 uja mwezi udali pamwamba kwambiri, lenzi italoza pafupifupi pamutu, ndipo mphuno yake inkatsetsereka pang'onopang'ono kubwerera m'kati chifukwa cha kulemera kwake. Ndidazindikira mawa lake, nditaona pakompyuta kuti zithunzi zoyamba zidali pa 300 koma zomaliza pa 240. Tepi yabwino ndi ya pepala ija amagwiritsa ntchito opaka penti. Selotepi imasiya ulimbo pa lenzi.

Tsopano fokasi yeniyeni. Musayang'anire pa kabowo ka diso. Yatsani live view kuti mwezi uoneke pa sikirini. Chepetsani kuwala mpaka zigamba zakuda za pamwezi zioneke, chifukwa mwezi ukachita mbee pa sikirini m'mphepete mwake mumafufuma ndipo simungaweruze kanthu. Dinani batani lokulitsira, lija lili ndi chizindikiro cha galasi loonera zing'onozing'ono, mpaka pomaliza. Pa makamera ambiri ndi kasanu, kenaka kakhumi. Pitani m'mphepete mwa mwezi. Ndanena m'mphepete chifukwa kadamsana amachitika mwezi uli wathunthu, pamene dzuwa limauwomba chamaso ndipo maenje ake alibe mithunzi. Pakati pamaoneka posalala, koma m'mphepete pali malire a choyera ndi chakuda. Mukhozanso kugwiritsa ntchito dzenje lowala lotchedwa Tycho, limene mizere yoyera imachokerapo ngati masipoko a njinga, kapena kadontho kowala kwambiri kotchedwa Aristarchus.

Ikani kaswitchi pa MF, n'kuyamba kupotokola mkombero ndi zala ziwiri. Mukaona kuti pakhala bwino, musaime. Pitirirani mpaka pawonongeke, bwererani mpaka pawonongekenso mbali inayo, ndiye mudziwe kuti malo enieni ali pakati. Bwerezani katatu kapena kanayi, ulendo uliwonse kufupikitsa. Mukachotsa dzanja dikirani masekondi angapo kuti kugwedera kuthe musanaweruze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mphepete mwa mwezi mukaoneka ngati mwadulidwa ndi lezala, jambulani chimodzi pogwiritsa ntchito kochedwetsa ka masekondi awiri kuti chala chisagwedeze kamera. Chitsegulenso, chikulitseni mpaka pomaliza. Sikirini yosakulitsa ndi kabwerebwere wabodza, imayamikira chilichonse. Mukakhutira, matani mkombero ndi tepi mosamala, n'kujambulanso china chotsimikizira kuti pomata simunasunthe.

Ena amalola autofocus kugwira mwezi woyerawo, kenaka n'kutembenuzira ku MF. Njirayi ndi yabwino, makamaka autofocus ya mu live view, bola muyese zotsatira zake pokulitsa chithunzi. Chachikulu n'chakuti kaswitchi kasatsale pa AF, chifukwa kakatsala, kudina kulikonse kamera iziyambiranso kusaka. Ndi zimene zidakuchitikirani inu chemwali. Fokasi yabwino mudali nayo m'manja cha m'ma 6:30, kamera n'kuitaya yokha mwezi utada.

Chenjezo kwa amene ali ndi makamera atsopano opanda kalilole m'kati, komanso aja a zoom yaitali yosachotseka monga Nikon P900 ndi P1000. Pa malenzi ambiri a mtundu umenewu mkombero sunalumikizidwe ndi magalasi, umangotuma uthenga ku kainjini. Kamera ikazima kapena kugona yokha posunga batire, fokasi ikhoza kubwerera poyambira, tepi yanu ili chimatire. Lowani mu menu muletse kuzima kokha, ndipo ngati muli malo olamula kuti kamera izikumbukira fokasi, yatsani. Nyamulani batire lachiwiri m'thumba la malaya, pakuti live view ndi kuzizira zimadya moto. Mukasintha batire, yesaninso fokasi.

Kumanga sikutanthauza kuiwala. Kadamsana amatenga maola atatu kapena kupitirira, ndipo usiku umanka nuzizira. Amene adagonapo ku Dedza mu July akudziwa chimene ndikunena. Lenzi ikamazizira fokasi imasuntha pang'ono. Choncho muziyendera pa mphindi 20 zilizonse nthawi imene mthunzi ukudya mwezi, pogwiritsa ntchito mbali yoyera imene yatsala. Kuyendera komaliza kukhale kachigamba koyera katatsala pang'ono kutha. Kuchokera pamenepo manja kumbuyo.

Nanga mwana akapunthwa pa tripod mwezi uli psuu? Zimachitika, musataye mtima. Siyani mweziwo, sakani nyenyezi yowala. Mwezi ukada nyenyezi zimatuluka zambiri, ndipo nyenyezi ndi mphunzitsi wa fokasi woposa mwezi. Mukaphonya imafufuma ngati kampira, mukalondola imanyala kukhala kadontho. Potokolani mpaka kadonthoko kachepetsetse, matani, bwererani ku mwezi. Kwa lenzi, mwezi ndi nyenyezi zili pa mtunda umodzi. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mu 2018 pulaneti ya Mars idali pafupi ndi mwezi usiku womwewo, ikuwala kwambiri, yofiira nayonso. Chipulumutso changa chidali pomwepo, ine osadziwa. Safunsa adadya phula.

Okonda kupanga zinthu ndi manja akhoza kuyesa chivundikiro chimene munthu wa ku Russia wokonda kujambula zakuthambo, Pavel Bahtinov, adatulukira mu 2005. Ndi chivundikiro chong'ambidwa timipata tatitali toloza mbali zitatu, chimene amaika kutsogolo kwa lenzi. Mukaloza nyenyezi yowala, pa sikirini pamatuluka mizere iwiri yopingasana ndi wachitatu wodutsa pakati. Wachitatuyo ukakhala pakatikati penipeni, fokasi yalondola. Ukapendekera mbali, mwaphonya. Mapulani ake ali pa intaneti, ndipo ndi lezala yakuthwa mukhoza kuchidula pa katoni yolimba. Chimagwira pa nyenyezi, osati pa mwezi, ndipo musaiwale kuchichotsa musanajambule.

Pali nkhani ina imene ndiyenera kunena, chifukwa fokasi imasenza milandu yambiri yosakhala yake. Mwezi suima. Dziko likamazungulira, mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zilizonse. Pa kamera wamba ya ma megapixel 24 ndi lenzi ya mamilimita 300, mwezi umakhala timadontho pafupifupi 700 m'mimba mwake, kutanthauza kuti umayenda timadontho pafupifupi 6 pa sekondi. Mwezi woyera pa 1/250 zimenezi sizioneka. Koma ukafiira kamera imapempha masekondi awiri kapena anayi, ndipo mukailola, chithunzi chipakika ngakhale fokasi ili yolondola. Pa mamilimita 300 yesetsani kusapitirira theka la sekondi, pa 600 gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Kuwala kotsalako kupezeni potsekula lenzi, f/5.6 kapena f/6.3, ndi kukweza ISO kufika 1600, 3200 kapenanso 6400. Chithunzi cha mchengamchenga chimakonzeka pakompyuta. Chopakika sichikonzeka, madzi akatayika saoleka.

Ndiye musanagwire mkombero, yambani mwafufuza kuti wolakwa ndani. Kulitsani chithunzi n'kuyang'ana tinyenyezi tapafupi ndi mwezi. Ngati tafufuma mozungulira mofanana mbali zonse, ndi fokasi. Ngati tatalika ngati timizere toloza mbali imodzi, shutter yachedwa. Ngati tili tiwiritiwiri kapena tokhotakhota, kamera yagwedera, mwina ndi mphepo kapena chala. Ngati chithunzi china chili bwino china choipa popanda chimene mwasintha, ndi mpweya umene ukuwinduka, monga zimaonekera pamwamba pa msewu wa tara masana a October. Mankhwala ake ndi kujambula zambiri n'kudzasankha. Ngati mwezi wavala chinkhungu chozungulira ndipo zonse zikunka zizilala, unikani lenzi ndi tochi, mupeza mame. Chipewa cha lenzi chija ambiri amachisiya m'chikwama usiku chimathandiza kuchedwetsa mame. Wopotokola mkombero pofuna kuchiza matenda anayi omalizawa amangowonjezera lachisanu.

Mu 2025 ndidabwereranso ku Dedza. Pa 7 September ndidaimika tripod dzuwa lisanalowe. Mwezi udatulukira kuseri kwa mapiri uli wachikasu chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi la chilimwe, m'mphepete mwake mukuvina. Ndidali ndi mwina theka la ola mthunzi usanayambe kuudya pa 6:27. Ndidaika fokasi, kumata, kuyendera pamene mwezi unkakwera ndi mpweya kudekha, n'kukonzanso kamodzi cha m'ma 7:15. Pa 7:30 udalowa wonse, n'kukhala wofiira mphindi 82. Nthawi yonseyo mkombero sindidaukhudze. Ndinkangosintha ISO ndi shutter, n'kumasunthira kamera kutsatira mwezi. Ndidapezanso mpata wokhala pansi n'kuuyang'ana ndi maso, chinthu chimene mu 2018 sindidachite chifukwa chotanganidwa ndi kulimbana ndi lenzi. Kadamsana wa mwezi savulaza maso ngati wa dzuwa, ndiye palibe chifukwa chomuonera pa sikirini pokha.

Mwa zithunzi zambiri zimene ndidajambula, zoyenera kutsukitsa zidali zosakwana khumi, ndipo zimenezo n'zokwanira. Malume adachitidwa opaleshoni ya diso limodzi zaka zapitazi. Adachigwira chithunzicho nthawi yaitali, chala chikuyenda m'mphepete mwa mwezi, n'kuwerenga tinyenyezi tinayi tapambali. Atatha adati: "Bola. Chakale chija usachitaye, uzikaphunzitsira anzako." Ndi chimene ndachita lero.

Mpata wina ulipo koma si wa tsiku ndi tsiku. M'bandakucha wa pa 28 August 2026, kuyambira cha m'ma 4:30, mthunzi udzadya gawo lalikulu la mwezi uli chakumadzulo, ndipo udzalowa ukadali wophimbika. Umenewo ndi wabwino pophunzirira, chifukwa mudzakhala ndi usiku wonse wa mwezi woyera woti mukonzere fokasi. Kadamsana wathunthu wotsatira amene tidzamuone kwathu kuno ndi wa pa 31 December 2028, ndipo ameneyo ndi mayeso enieni. Mwezi udzatuluka cha m'ma 6 koloko madzulo utaphimbika kale, n'kukhala wofiira mpaka cha m'ma 7:30, m'nyengo ya mvula. Sipadzakhala mwezi woyera woyambirapo. Mudzayenera kukonzeratu fokasi kukadali kowala, pa nsonga ya phiri la kutali kapena pa nsanja ya mafoni imene ili makilomita angapo, kenaka n'kutsimikizira pa nyenyezi yoyamba kutuluka. Wodziwa lenzi yake adzajambula. Woidziwira pomwepo adzalemba kalata ngati ya lero.

Choncho chemwali, ntchito ndikukupatsani ndi iyi. Musadikire kadamsana. Mwezi ukakhala wathunthu ulendo uno, tulukani ndi lenzi yanu yomweyo, tsatirani ndondomeko ndafotokozayi, ndipo mukapeza malo enieni a fokasi lembani kamzere ndi pensulo pa tepi kuti muone mmene patalikirana ndi pamapeto paja. Usiku wina wopanda mwezi yesani pa nyenyezi, mumdima, mpaka zala zidziwe mabatani popanda tochi. Mukachita katatu, munditumizire chithunzi chimodzi, ndipo a mkonzi akalola tidzachiika patsamba lino.

Sabata ya mawa tidzayankha bambo wa ku Kasungu amene akufunsa chifukwa chimene diresi loyera la mkwatibwi limatulukira lopanda maluwa ake pa zithunzi za masana. Pitirizani kulemba.